Mkamwini Amene Anagawa Asanachotse

Kalekale, m'mudzi wina wa kuseri kwa phiri munagwa njala. Iii, njala yake, abale! Galu ankayamba watsamira khoma kuti auwe. Tambala akati alire, ankangoyasamula, mawu osatuluka. Ngakhale mbewa zinasamuka, zikutukwana njira yonse.

M'mudzimo munali mkamwini wina dzina lake Chidzanja, mwamuna wa Nangondo. Khasu linkamulemera munthu ameneyu, koma pakamwa ayi ndithu.

Chaka chimenecho amayi a Nangondo anadwala. Ali pafupi kutsirizika anaitana ana awo aakazi awiri, Nangondo ndi mng'ono wake, nati: "Ana anga, chimanga chambewu ndinasunga nsengwa khumi. Ndinadzaza mitsuko iwiri yofanana, n'kumata ndi dothi. Nsengwa zinayi zinatsala panja, zimenezo mudzadye pamaliro anga. Aliyense atenge mtsuko umodzi. Musatsegule mvula isanagwe."

Anapita amayi aja. Anthu analira, anakumba manda, anadya nsengwa zinayi zija. Wolira koposa onse anali Chidzanja. Ali, "Apongozi anga ine, mayooo!" uku dzanja lili m'mbale.

Mtsuko wa Nangondo unakhala pangodya, uli duu. Chidzanja ankauyang'ana m'mawa, ankauyang'ana masana, ankaulonjera ngati mlendo. Tsiku lina anati:

"Akazi anga, kodi munda wathu uja umalowa mbewu zochuluka bwanji?"

"Nsengwa zitatu."

"Ehee! Tapulumuka! Nsengwa khumi, mitsuko iwiri. Zisanu uku, zisanu uku. Tidzale zitatu, ziwirizo tikazinge lero lomwe!"

Nangondo sanakwiye, mphamvu zokwiyira analibe. Anakhala pansi, nalemba mzere padothi. Mbali imodzi anajambula mitsuko iwiri, naikapo miyala inayi. Mbali inayo anaika miyala khumi.

"Taonani, abambo. Uku ndi uku n'chimodzimodzi, eti?"

"Eya."

"Zinayi zapamaliro zija, zimene munatha pafupifupi nokha, ndikuzichotsa uku. Ndikachotsa uku, ndiyenera kuchotsanso uku. Yatsala ingati?"

"Isanu ndi umodzi."

"Tsono gawani pawiri."

Chidzanja anagawa. Itatu, itatu. Anaisakaniza, nagawanso. Itatu, itatu basi. Apo anadzambatuka, mphuno zili tuu!

"Aaa, miyala! Kodi miyala inalowamo mumtsukomo? Malemu anati khumi, ndinamva ndi makutu angawa. Iwe ukufuna kutsutsana ndi wakufa?"

"Muli zitatu, abambo. Mukakhudza, mwatipha."

M'mawa mwake Nangondo anapita kuthengo kukakumba mizu yoti adye. Chidzanja anatenga nsonga ya muvi, naboola kabowo kunsi kwa mtsuko. Chimanga chili yoyoyo m'manja. Anakazinga paphale, kukukuta, kukukuta, nsagwada kulira ngati mphero. Atatha anamata kabowo kaja ndi dothi, n'kukagona pakhonde, akubuula kuti, "Njala ine, ndikufa ine!"

Mawa lake chimodzimodzi. Mkucha wake chimodzimodzi. Ndipo musamunamizire kuti ankaba mosawerenga, ayi. Ankayeza bwinobwino ndi nsengwa. Zitakwana ziwiri analeka, nadzigunda pachifuwa: "Zitatu za kumunda ndazisiya. Mwamuna wosamala ngati ine mudzamupeza kuti?"

Mvula inagwa. Fumbi linanunkhira, anthu anatulutsa makasu. Nangondo anagwada, naswa dothi lapakamwa pamtsuko, nakhuthulira pamphasa. Chimanga chinatuluka pang'ono, kenako zii. Anagwedeza mtsuko, anaugogoda, anapisamo dzanja mpaka paphewa. Anayeza. Nsengwa imodzi.

Chidzanja ali, "A-a! Anankafumbwe amenewa! Kapena mng'ono wako anatenga mtsuko wolemera!"

Nangondo anatembenuza mtsuko uja, naona pomata paja. Sanalire. Anathamangira kwa mng'ono wake kukapempha mbewu, koma anapeza mtsuko wa kumeneko uli pululu, mulibe kanthu. Munatuluka nsengwa zitatu ndendende, ndipo zonse zinali zitalowa kale m'nthaka.

Pobwerera anatenga mkeka wa Chidzanja, nkhwangwa yake ndi muvi wake, naziika panja. Mkamwini akaona katundu wake pabwalo safunsa njira. Chidzanja ananyamula, nalowera kwawo, mvula ikumukwapula kumsana.

Nangondo anadzala nsengwa imodzi ija. Kachigawo kamodzi ka munda kanamera chimanga, kwina konseko kunamera tchire. Anzake pokolola ankapita ndi madengu, iye ankapita ndi lichero. Njala inachoka m'mudzi monse, koma pakhomo pake inakhalaponso chaka china chathunthu.

Ndiye mwamva, inu okonda kugawa msanga. Yambani mwachotsa chimene mukuchidziwa, ndipo muchotse mbali zonse ziwiri, kenako mugawe. Chobisika mumtsuko chimadziwika mtsuko usanatsegulidwe, koma sichichuluka chifukwa choti m'mimba mwalira.

Yanga yathera pomwepa. Wina aponyepo yake, ine kukhosi kwauma.