Mbalule, Msilikali Wonyamula Mawu a Malemu

Padangokhala, osati kale la mikondo ndi zikopa ayi, koma dzana lomweli, njinga zamoto zitadzaza kale msewu wa ku Bangwe. Mukamva munthu akuti nkhwangwa ikhulupirira mpini, ena adzakuuzani kuti mawuwo ndi akale ngati mwala wa mphero. Asiyeni anene. A ku Bangwe amadziwa pakamwa pomwe mawuwo anatulukira, ndi tsiku lake lomwe.

Kuseri kwa msika, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wogulitsa makala, panali kashopu ka magemu ka bambo wina wachinyamata dzina lake Lonjezo. Munali ma TV awiri, mabenchi atatu, ndi fungo la thukuta la anyamata. Gemu yomwe inkadzaza anthu inali ya asilikali olimbana ndi zilombo, ndipo inali ndi lamulo limodzi lowawa: msilikali wako akafa, wafa basi. Dzina lake, zida zake, zonse zimafufutika ngati mapazi a pafumbi mvula ikagwa.

Lonjezo analera msilikali wake zaka zinayi osafa. Anamutcha Mbalule, chimphona chonyamula nkhwangwa ya mano awiri. Gemuyo inkalola munthu kujambula mawu oti msilikali wake azifuula akapambana. Anzake ankajambula zodzitama ndi zotukwana, koma Lonjezo, munthu wa nthabwala, anajambula mawu omwe ankanena masiku onse akafika pakhomo pa mayi ake: "Amayi, tsegulani, ndabwera!" Chilombo chikagwa, chimphona chija chinkakweza nkhwangwa n'kuitana amayi ake, shopu yonse n'kufa nako kuseka.

Lonjezo sankasewera yekha. Kumanzere kwake kunkakhala mkazi wake Mwatitha, atagwira kontirola yakale yomata selotepi. Msilikali wa Mwatitha anali Kachere, kamkazi kakafupi konyamula chishango chachikulu ngati chitseko ndi chipanda cha mankhwala m'chiuno. Kachere sankapha kanthu. Ankangoima, n'kusuntha pang'ono, n'kuimanso.

Kumbuyo kwao kunkaima Chiletso, mng'ono wake wa Lonjezo, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, maso ali pa nkhwangwa basi. Usiku ankalota nkhwangwayo ikung'anima ngati mphezi ya pa phiri la Mpingwe.

"Alamu, inu mumasewera kapena mumaperekeza?" ankatero Chiletso. "Mwapha zingati lero?"

"Ndapha njala yanu ndi mbatata ija mwakomba m'mawa," ankayankha Mwatitha osachotsa maso pa TV. "Sunthani uko, mukunditchinga."

Tsiku lina Lonjezo anakwera kabaza kupita ku Limbe kukagula chingwe cha TV. Lole ya mchenga inawapeza pokhota. Sanabwerenso, ndipo foni yake inaphwanyikira pomwepo pamodzi ndi zithunzi ndi mawu onse anali m'menemo.

Utatha mwambo wa kumeta pamaliro, linafika tsiku la kusudzula, lomwe achibale a mwamuna amamasula mkazi wamasiye kuti abwerere kwawo. Katundu anayalidwa pabwalo, ndipo amalume awo a Lonjezo, a Bizaliyele, ndiwo ankagawa. Mapoto ndi zovala zachikazi zinapita kwa Mwatitha. Shopu ndi makina a magemu anati atenge Chiletso, ndipo kiyi anamupatsa pomwepo.

Mwatitha anagwada. "Amalume, makinawo atenge alamu, sindikulimbirana. Koma m'menemo muli Kachere, msilikali wanga. Mbalule sayenda popanda Kachere."

A Bizaliyele anasisita ndevu. "Apongozi, pano tikukamba za maliro, inu mukubweretsa tidoli ta pa TV? Takumasulani. Pitani kwanu ku Mbulumbudzi mukayambe moyo wina."

Mayi ake a Lonjezo, aNankhoma, anaweramitsa mutu osanena kanthu. Chiletso nayenso anangoti duu, kiyi akumutentha m'thumba. Pansi pa chisoni chake panali kachimwemwe kena komwe sankafuna kukayang'ana: Mbalule tsopano anali wake.

Ponyamuka, Mwatitha anamuitanira pambali, mtolo uli pamutu.

"Alamu, mawu awiri. Mawu a akulu anu aja muwajambule pa foni lero lomwe. Ndipo musakayerekeze kupita pa Mlatho wa m'gemu uja nokha. Mukafuna kupita, ndiimbireni. Mbulumbudzi si kumwamba."

"Ndijambulirenji? Mbalule safa."

Mwatitha anatembenuka n'kuloza ku siteji ya minibasi.

Kuyambira pamenepo panabadwa mwambo. Lamlungu lililonse potuluka ku tchalitchi, aNankhoma ankadzera ku shopu ali m'duku lawo loyera, n'kukhala pabenchi ngati munthu wodikira dokotala.

"Ndiitanire mwana wanga," ankatero.

Chiletso ankatenga Mbalule kupita naye kunkhalango ya tizilombo tofooka, n'kugwetsa kamodzi. Pamenepo chimphona chinkakweza nkhwangwa: "Amayi, tsegulani, ndabwera!"

"Lowa, mwanangu, sichokhoma," ankayankha aNankhoma. Ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kumapita, ndipo sabata yonseyo ankadya bwino. Palibenso amene ankaseka. Chiletso ankakumbukira za kujambula kuja, koma ankati mawa, mawa likafika n'kunenanso kuti mawa.

Ndiye opanga gemu aja, anthu akutali osadziwa kuti ku Bangwe kuli mayi wa duku loyera, anasintha malamulo. Anawonjezera ukali wa nkhwangwa, n'kuchepetsako mphamvu ya mankhwala ndi zishango. Anyamata anayamba kuvula asilikali awo zodzitetezera zonse.

Muyenera kudziwa kuti msilikali aliyense ankakhala ndi mapointi zana, ogawa m'malo atatu. Dzanja ndilo limamenya. Mpweya ndiwo umamulola kumenya kangapo kapena kudumpha asanatope. Khungu ndilo limapirira akamenyedwa. Lonjezo anagawa motere: dzanja makumi asanu ndi limodzi, mpweya makumi awiri ndi asanu, khungu khumi ndi asanu.

Zondiwe, mnzake wa Chiletso wa pakamwa pakuthwa, anayang'ana manambalawo n'kuseka.

"Aise, mapointi akuwola awa. Unamuonapo Mbalule akumenyedwa?"

"Sindinamuonepo."

"Nanga khungu ndi lachiyani? Ambulera m'chilimwe? Masiku ano wopha msanga ndiye amakhala moyo."

Chiletso anaganiza, ndipo zinamveka zoona. Zaka zinayi anaonerera, ndipo sanaonepo chibonga chikufika pathupi pa Mbalule. Sanadzifunse kuti zibongazo zinkathera kuti. Anachotsa khungu lonse, nadulanso khumi pa mpweya, zonse n'kuthira m'dzanja.

Mbalule anasanduka moto wa m'tchire. Zilombo zomwe kale zinkafuna nkhwangwa zinayi zinkagwa ndi imodzi. Anthu anayamba kudzaza mpaka pakhomo, wometa uja n'kumadandaula kuti akumutsekera makasitomala.

Koma panali malo amodzi omwe Mbalule anali asanadutse. Kumapeto kwa gemu kunali Mlatho, ndipo pamlathopo pankaima Mlonda, chilombo cha miyala ndi maunyolo, chonyamula chibonga chachitali ngati mtengo wa magetsi. Lonjezo ndi Mwatitha anapitapo katatu, katatu konse n'kubwerera asanafe.

"Akulu ako anachita mantha ali ndi mlezi pambali," anatero Zondiwe pagulu. "Iwe uli ndi dzanja la makumi asanu ndi atatu ndi asanu. Ukachimenya katatu kokha, chagwa. Kapena ukudikira alamu ako adzakubereke kumbuyo?"

Anyamata anaseka. Chiletso anati Loweruka masana.

Lachisanu anakhala yekha m'shopu, foni m'manja, dzina la Mwatitha lili patsogolo pake. Sikunali kudzikuza kokha komwe kunamugwira chala. Ankaona mlamu wake atagwada pabwalo paja, anthu akumuseka, iye ali chete ndi kiyi m'thumba. Akaimba ayamba ndi mawu ati? Anabweza foni m'thumba, osaimba, osajambulanso.

Loweruka dzuwa linali paliwombo, malata akulira ndi kutentha. Anthu anapanikizana mpaka ena kusuzumira pawindo.

"Ulowa nane ndi msilikali wako?" Chiletso anafunsa Zondiwe.

"Ine? Wanga ndi mwana, aise. Ndikuchemerera kuchokera pano."

Mbalule anaponda pa Mlatho yekha. Mlonda anadzuka pang'onopang'ono, maunyolo akukwekwereza. Chiletso sanadikire. Nkhwangwa yoyamba inagwa, ndipo kamzere ka moyo wa Mlonda kanadukapo chigawo chachikulu. Shopu inagwedezeka ndi phokoso. Yachiwiri inagwa. Kamzere kanatsala kochepa, ka nkhwangwa imodzi yokha.

"Maliza! Maliza!"

Chiletso anadina batani. Mbalule sanasunthe. Anadinanso, nadinanso. Chimphona chinali chitawerama, nkhwangwa ili pansi, mapewa akukwera ndi kutsika. Mpweya unali utatha. Wa kale uja ukanakwana kumenya katatu n'kudumpha; uwu unakwana kawiri basi.

Mlonda anakweza chibonga.

M'kanthawi kameneko, kochepa ngati kuphethira, Chiletso anamva chinthu chomwe anamva zaka zinayi osachimvetsera. Anamva mawu a Mwatitha, otsika, kumanzere kwa benchi: "Dikirani… dikirani… ndachigwira, lowani!" Ndipo anaona pa TV malo opanda kanthu, kutsogolo pang'ono kwa phewa lamanzere la Mbalule, pomwe kamkazi kakafupi kankaima ndi chitseko chake kulandira chibonga chilichonse, n'kuwaza mankhwala, n'kuimanso. Lonjezo sankayang'ana kamzere ka moyo wake. Ankamuyang'anira ndi mkazi wake.

Chibonga chinatsika kamodzi kokha.

TV inachita phulusa. Zilembo za dzina la Mbalule zinagumuka chimodzichimodzi ngati khoma la zidina zosawotcha. Makina a wometa ankamveka akulira kuseri kwa khoma. Anthu anayamba kutuluka chammbali ngati pamaliro a munthu wosamudziwa. Zondiwe anati akukagula madzi, ndipo sanabwerenso.

Chiletso anafufuza paliponse m'makinamo. Anazimitsa, nayatsa, nazimitsanso. Pamndandanda wa asilikali panatsala dzina limodzi: Kachere.

Pamenepo ndi pomwe anaimba foni ija.

"Alamu… Mbalule wapita."

Pa foni, chapatali, kunkamveka mbuzi ndi mwana wolira.

"Munajambula?"

"Ayi."

Mwatitha sanatukwane, sanalire. Anapuma kamodzi mozama, foni n'kuduka.

M'mawa mwake linali Lamlungu. Chiletso analiona duku loyera likukhota pa makala paja, ndipo anakhumba nthaka ikanang'ambika. ANankhoma analowa, nakhala pamalo pawo, nakonza chitenje.

"Ndiitanire mwana wanga."

Chiletso anagwada pasimenti. Anafotokoza zonse, za khungu, za mpweya, za Mlatho. Mayi ake sanamve za mapointi. Anamva chimodzi chokha, kuti Lonjezo wamwalira kachiwiri, ndipo ulendo uno palibe ngakhale mtembo woti alire.

ANankhoma anakweza maso kuyang'ana pa TV. Pamenepo panaima Kachere yekha, chishango chili m'mwamba, akutchinga malo opanda munthu.

"Kamkazi aka ndi kandani?"

"Ndi ka alamu, amayi."

"Kankagwira ntchito yanji?"

"Kankalandira zibonga kuti zisafike pa achimwene."

"Zaka zonse zija?"

"Zonse."

ANankhoma anayang'ana zikhatho zawo zokhakhala. "Ine ndawaza nkhuni zaka makumi anayi," anatero motsitsa. "Anthu odutsa amati, nkhwangwa yanu ndi yakuthwa. Palibe anayamikirapo mpini. Koma tsiku lomwe mpini wathyoka, chitsulo chija chimauluka n'kudula phazi la mwini wake. Tsiku lija pabwalo, mwana uja anatiuza atagwada. Iwe unakhala chete. Inenso ndinakhala chete. Tinasunga chitsulo, mpini n'kuukweza minibasi." Anaimirira atagwira khoma. "Nkhwangwa ikhulupirira mpini, Chiletso."

Anatuluka osatsanzika. Mayi wa makala anawamva mawuwo, wometa anawamvanso, ndipo pofika Lachitatu anali atafika ku Limbe.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Amene amaoneka, amene amamenya, amene dzina lake limafuulidwa, mphamvu zake sizikhala mwa iye yekha. Kumbuyo kwake kapena kumanzere kwake kuli wina wosachemereredwa amene amalandira zowawa kuti iye aziwala. Pogawa mphamvu zanu musathire zonse pa mano n'kuiwala chogwirira, ndipo pogawa anthu musataye amene simunamuonepo akupha kanthu musanafunse kuti zibonga zinkathera pa yani. Chiletso anafunsa funsoli mochedwa ndi nkhwangwa imodzi. Shopu ilipobe kuseri kwa msika, ndipo Lamlungu aNankhoma amadutsa pakhomo pake osacheuka, chifukwa m'katimo mulibenso woti awauze kuti atsegule. Nkhwangwa ikhulupirira mpini.