Bandeji Yodikira Lamulungu

Mumzinda wa Toledo, mkazi wodziwa kulowa m'sitolo n'kutulukamo ndi matumba odzaza, chikwama chisanapepuke, anali Loretta Pruitt. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankayala nyuzipepala patebulo n'kumadula makuponi otsitsa mitengo. Luso limeneli analiphunzira pamavuto, chaka chimene fakitale ya magalasi inachotsa ntchito mwamuna wake Wendell, ana adakali aang'ono. Makuponi ndiwo anasambitsa banjalo ndi kulidyetsa chaka chimenecho. Koma mavuto atatha, ana atakula n'kuchoka, Wendell atapeza ntchito yosamalira sukulu, Loretta sanauike pansi sizasi wake. Zimene zinayamba ngati ndodo yoyendera zinasanduka chipembedzo.

Bwalo lake lenileni linali sitolo ya mankhwala ya pakona. Kumeneko ukagula zinthu zina, makina ankasindikiza mphotho ya madola angapo kumunsi kwa lisiti, yoti udzagulire ulendo wina masiku ake asanathe. Ambiri ankangotaya malisitiwo pakhomo. Loretta ankadikira mtengo utsike, n'kupereka kuponi poyamba, mphotho pambuyo, chinthu chodula n'kutuluka ngati chaulere, makina n'kulavulanso mphotho ina. Kuponi payokha sinkamukwana, mphotho payokha ayinso. Mtima wake unkakhala m'malo ziwirizo zikakumana. Chipinda chapansi pa nyumba yawo chinadzaza sopo ndi mankhwala otsukira mano mpaka kudenga.

"Tikadzafa, Loretta, adzatiika m'manda mano ali mbee," Wendell ankamuseka choncho. Koma ankamunyadira mkazi wake, ndipo pa nkhani yogula zinthu sankamutsutsa.

Lachiwiri lina chipale chofewa chili kusungunuka, Wendell anavula jombo pobwera kuntchito, ndipo sokosi inatuluka ili ndi magazi. Pansi pa chala chachikulu panali kachilonda, jombo yatsopano itamusupula. Iye sanamve kanthu, poti matenda a shuga anali atamuchititsa dzanzi kumapazi kalekale. Dokotala anali atawauza awiriwo momveka bwino kuti chilonda cha kuphazi kwa munthu wa shuga sachigoneka: kuchitsuka, kuchipaka mankhwala ndi kuchimanga bandeji yoyenera tsiku lomwelo, chikasintha maonekedwe kuthamangira kuchipatala.

Loretta sanachedwe, tisamunamizire. Anavala chikhoti n'kupita kusitolo kuja, natenga mankhwala opaka ndi bokosi la mabandeji. Polipira anapeza Yesenia, mayi amene ankamugulitsa masiku onse. Yesenia anaiyang'ana kuponi ija n'kupukusa mutu.

"Iyi makina aikana, Mayi Pruitt. Taonani apa, ikuyamba Lamulungu."

Loretta anavala magalasi. Zinali zoona. Anatulutsa mphotho imene inali m'chikwama, naona kuti tsiku lake lomaliza ndi Lamulungu lomwelo. Ziwirizo zikanakumana tsiku limodzi lokhalo, ndipo katunduyo akanatuluka wopanda kulipira.

"Ingoperekani mphothoyo lero, zotsalazo muwonjezere," anatero Yesenia. "N'za ndani kodi?"

"N'za Wendell. Kachilonda kakuphazi, kakang'onong'ono."

"Bambo Pruitt si a shuga aja? Mayi, pitani kumbuyoko mukamuuze wa mankhwalayo, kufunsa n'kwaulere."

"Iwe Yesenia, ine ndinayamba kugula muno iwe usanamere mano. Mtengo wathunthu amalipira ndi alendo."

Ndalama anali nazo, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imawawira. Chimene analibe ndi mtima wolola kuti anthu a pamzere amuone Loretta Pruitt akulipira ngati munthu wamba. Anabweza katunduyo pashelefu ndi manja ake, nabwerera kunyumba chimanjamanja. Kumeneko anatsuka chilonda ndi sopo, amene anali wosasowa, n'kuchikulunga kansalu kong'amba ku pilo yakale.

Wendell anapitiriza ntchito. Tsiku lonse ankakolopa matope amene ana a sukulu ankalowa nawo, phazi lili m'jombo yonyowa. Lachisanu madzulo, akusintha kansalu kaja, Loretta anamva fungo losakhala bwino, ndipo anaona kuti m'mbali mwa chilonda mwada. Akanatha kuimbira dokotala, koma anadziwa kuti funso loyamba likhala lakuti mwamangapo chiyani, ndipo yankho lake linamuchititsa manyazi. Anadziuza kuti mawa lokha, mkuja zonse zikhala m'malo.

"Bandeji ija ili pati, mayi wa makuponi?" anafunsa Wendell.

"Lamulungu."

Wendell anawerama n'kuliyang'ana phazi lake. "Wamva, phazi iwe? Abwana akuti udikire Lamulungu." Anaseka, Loretta naye n'kusekako pang'ono.

Phazi silinamve. Loweruka m'mawa Wendell anadzuka akunjenjemera, thupi lili moto, phazi litatupa mpaka m'kakolo. Kuchipatala dokotala wachikazi anamasula kansalu kaja, naliyang'anitsitsa phazilo, nafunsa.

"Chinayamba liti chilondachi?"

Loretta anatsegula pakamwa, koma Wendell anamuyambirira. "Sindinachione msanga, adokotala. Paja mapaziwa sakumva." Ananena zimenezi osamuyang'ana mkazi wake, dzanja lake lili pa dzanja la mkaziyo. Loretta akanakonda kuti amutukwane pamaso pa anthu onsewo. Bodza lomuteteza lija linamupweteka kuposa mbama.

Lamulungu, tsiku limene kuponi ndi mphotho zinakumana, Loretta analithera pabenchi ya kuchipatala, chikwama chili pamiyendo. Madokotala anadula theka la phazi kuti apulumutse mwendo. Ntchito ya kusukulu inathera pomwepo.

Tsiku limene Wendell anatuluka, Loretta anaima kusitolo kuja ndi katundu amene anamwino anamuuza kuti agule. Anaunjika mabandeji pamaso pa Yesenia, mabokosi ambiri kuposa limodzi lija.

"Bambo ali bwanji?" anafunsa Yesenia motsitsa mawu.

"Atuluka."

"Makuponi alipo lero?"

"Palibe. Tchaja zonse."

Analipira mtengo wathunthu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe pamzerepo amene anatembenuka kumuyang'ana. Makina analira n'kulavula lisiti lalitali, kumunsi kwake kuli mphotho yaikulu kuposa zonse zimene analandirapo. Loretta analisiya pomwepo.

Kunyumba, chipinda chawo chogona chinali pamwamba, ndipo ndodo za kuchipatala zinkamuterera Wendell pamasitepe. Anazisiya pansi, nayamba kukwera ndi manja ndi mawondo, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina. Loretta anathamanga kuti amugwire, koma iye anamukaniza mofatsa.

"Ndisiye, Loretta, ndiphunzire. Sudzakhala pano nthawi zonse."

Loretta anaima m'munsi atakumbatira mabandeji aja, akumva mawondo a mwamuna wake akugunda pamatabwa, ndipo analira kulira kumene anakubisa mumtima sabata yonse. Pansi pa mapazi ake, m'chipinda chapansi chija, munali sopo wokwanira msewu wonse. Akuluakulu sananame pamene anati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma sanatiuze kuti nthawi zina wozengereza amaima chilili, wokwawayo n'kukhala amene anamukhulupirira.