Mmene Kachingwe Anatsekera Kokonati Pakamwa

Kalekale, ana inu, kokonati ankayankhula. Timadontho titatu timene mumationa pamutu pake tija, tiwiri tinali maso, kachitatu kanali kamwa. Ukamutola ankanena yekha kuti, "Ndidakali bwino," kapena, "Ndisiye, ndinauma kale." Bodza sankalidziwa.

M'mudzi wina wa migwalangwa ndi mitengo ya kokonati munali mwambo wakuti mwamuna wofuna mbeta akwere yekha mumtengo, athyole kokonati wodzaza dengu, apereke kwa apongozi. Tsono kunali Kachingwe, amene mtima wake unafera Tiferanji, mwana wa a Nangondo. Pakhasu anali katswiri, koma kukwera ankakuopa, ngakhale pachulu pomwe. Ine ndimamumvera chisoni ndithu.

Mmalo mokwera, Kachingwe anatola kokonati wogwa yekha pansi pa mitengo. Ali m'njira, kokonati ambiri m'dengumo anayamba kulongolola kuti anagwa mwezi watha. Manyazi atamugwira, anapatukira kwa mlimi wa njuchi, napempha phula, n'kumata kukamwa kwa kokonati aliyense.

Atafika anakhala kuseri kwa nkhokwe, poti mkamwini sayang'anana ndi apongozi, ndipo Tiferanji ndiye analowetsa dengu. A Nangondo anapereka moni kwa kokonati woyamba, koma kunali zii. Mayiwa anali achidwi, osalola chinthu kuwadutsa. Anamutembenuza, kumununkhiza, kumuyeza kulemera m'manja. Kenaka anamuika pakhutu n'kumugwedeza ngati mwana wogona. Osamveka kanthu. Wachiwiri chimodzimodzi. Koma wachisanu, amene anagwa m'mawa womwewo, anamveka khuchukhuchu, madzi akuyesetsa kuyankha m'kati.

Anaswa ameneyo napeza mnofu woyera wonunkhira bwino. Ataswa mmodzi mwa achete aja, fungo lake linathamangitsa ndi nkhuku zomwe. Apo m'pamene chikhadabo chawo chinakhudza phula.

Tiferanji anawapempha kuti amukhululukire, poti munthuyo anangochita mantha. A Nangondo anayang'anitsitsa kunkhokwe, kenaka anayankha mwana wawoyo mokweza kuti wa kuseri kwa nkhokwe amve.

"Mantha si mlandu, mwanawe. Bambo ako ankakwera akulira, ine ndikuwaseka pansi. Koma munthu wotseka pakamwa kokonati chifukwa wanena zoona, mawa adzatseka pako."

Kachingwe ananyamuka osatsanzika, ndipo Tiferanji sanamulondole.

Mbiri itafika kumitengo, kokonati yense anakwiya nalumbira kuti sadzatsegulanso pakamwa kwa munthu. Madzi okha ndi amene anakana lumbirolo. Ndi chifukwa chake lero amayi anu pamsika amanyamula kokonati, kuyang'ana ngati maso ake ali ouma bwino opanda nkhungu, n'kumugwedeza pakhutu. Akamva madzi amatenga. Akamva zii amamubweza padengu, n'kumuyang'anitsitsa wogulitsayo monga a Nangondo anayang'anira kunkhokwe kuja.