Malamulo a Azakhali a Phyllis

Pakhomo pa Ester, kufupi ndi Nsaru, panalibe mtengo umene mwana wake Takondwa anali asanaukwere. Mtsikanayu anabadwa ndi kabowo mumtima, koma zikuoneka kuti miyendo yake sinauzidwe nkhaniyi. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu ankathamangitsa mbuzi za eni ndi kulumpha mizere ya fodya. Akatopa ankakhala pansi, kupuma pang'ono, basi n'kuyambiranso. Chaka chimenecho analowa m'gulu la Masitela, atsikana ovina kutsogolo pa Misa, ndipo Mayi Imelda owaphunzitsa anamuika mzere woyamba wa pa Pasaka. Ngakhale kumjigo ankapita akuvina.

Tsiku lokaonana ndi dokotala wa mtima m'tauni linagwera mu Febuluwale, fodya atakhwima m'munda. Ester anayang'ana chigafa, anayang'ana mwana, ndipo chigafa chinapambana.

"Alamu, mundipitire ndinu. Mukamve bwino zimene akanene," Ester anapempha a Phyllis, alongo a mwamuna wake, mayi amene chibadwire sanayambe anenapo kuti sakudziwa.

A Phyllis anabwerako madzulo nkhope ili ngati achokera kumaliro, koma m'manja muli jumbo ya kaunjika.

"Sizili bwino, alamu. Dokotala wati asathamange, asalumphe, asavine. Ngakhale kuseka, aziseka pang'ono."

"Sanatero ayi," anatero Takondwa. "Anati ndizisewera, ndikatopa ndizipuma."

"Iwe khala chete. Akamalankhula akuluakulu umamvapo chiyani?" anatero a Phyllis.

Ester anatsegula buku la kuchipatala, koma zimene analemba dokotala ngakhale aphunzitsi aakulu akanazibweza. Mantha anamugwira, ndipo munthu wamantha amakhulupirira amene walankhula mokweza. M'mawa mwake anakauza Mayi Imelda kuti mwana wasiya Masitela. Diresi yake yoyera yovinira inapita kwa mtsikana wina amene ankavina ngati akupha nyerere.

Takondwa anapatsidwa mkeka pakhonde ndi lichero la nyemba zoti azisankha. Malamulo nawo ankaswana sabata ndi sabata, chifukwa a Phyllis ankangokumbukira ena. Madzi ozizira ayi. Kuyetsemula mwamphamvu ayi. Pa Pasaka mwanayo anakhala pakati pa amayi ake ndi azakhali ake, ndipo ng'oma zitayamba mwendo wake unayamba kugwedera wokha. A Phyllis anaupanikiza ndi dzanja mpaka Misa kutha, kwinaku iwo eni akugwedeza mapewa ndi kuimba nthungululu.

Kuchokera tsiku limenelo Takondwa anasiya kutsutsa. Anasiyanso kudya bwino, ndipo masaya analowa. Ester zinamupweteka kwambiri, poganiza kuti mtima uja wafika poipa. Mu Meyi anasiya zonse n'kupita naye yekha.

Dokotala anamuyeza mwanayo nthawi yaitali.

"Mtima uli monga unalili, mayi, palibe chimene chaipa. Koma kamtsikana kanga kovuta kaja kali kuti? Ulendo watha kanandithyolera cholembera."

"Si munaletsa kusewera, adokotala?"

"Ine? Ndinati azisewera ngati anzake, akatopa apume. Koma akabanika, kapena milomo ikada, mubwere naye msanga. Ana ena timawaletsadi, uyu ayi. Mayi amene munawatuma aja anatuluka kukayankha foni. Pobwera ndinafuna kubwereza, koma anati zonse amva kale."

Atatsika minibasi pa Nsaru, Ester analunjika kwa alamu ake, amene anawapeza akuyanika mtedza.

"Kodi alamu, malamulo aja munawatenga kuti?"

"Pabenchi panja paja," anayankha a Phyllis osaphethira n'komwe. "Anandiuza mayi woti mwana wake wadwala mtima zaka khumi. Dokotala ujatu ndi mwana wadzulodzuloli. Komanso taonani, si uyu ali moyo? Eti ndalakwa?"

Ester anafuna kuwalalatira, koma anadziletsa. Ankadziwa bwino amene anasankha fodya tsiku lija, ndiponso amene anauzidwa zoona pamaso n'kusamva. Anagwada pafupi ndi mwana wake, manyazi atamugwira.

"Pepa mwanawe. Mawa ndikuperekeza kwa Mayi Imelda, ukayambirenso."

Takondwa anayang'ana mapazi ake.

"Pasaka inatha, amayi. Inetu ndinakuuzani."

Fodya uja anagulidwa, ndipo lero palibe amene amamukumbukira. Koma miyezi itatu ya mwana wa zaka zisanu ndi zitatu inathera pamkeka chifukwa mayi wake anabwereka makutu a munthu wina. Akuluakulu sananame: kandimverere anakanena za m'maluwa.