Chanza Chakumanzere

Panali munthu wina ku Bangwe, dzina lake Kachingwe, amene ankakhala m'nyumba za lendi za mdadada. Makoma ake anali a njerwa imodzi, oti mnzako akatsokomola uko, iwe umayankha kuti pepani. Kachingwe anali ndi kagalimoto kakale konyamulira anthu kupita ku Limbe. Anali munthu wosakonda phokoso, wosakondanso milandu.

Tsiku lina masana anabwera kudzadya. Asanakhale n'komwe pansi, anamva mawu kuseri kwa khoma. Anali mayi a Elufe, mkazi wa neba wake Mbeza, amene ankapalasa njinga ya kabaza.

"Tagwirani kapu iyi ndione," anatero mayiyo. "Ayi, osati ndi dzanja limenelo. Linalo."

"Tsitsa mawu, make Elufe. A neba abwera, galimoto yawo ili panjapo."

"Amve! Dzanja latupa ngati buledi. Lero ndi tsiku lachitatu njinga ili chiimire pakhomapa ndi limu lake latsopanolo. Kodi limu lizipalasa lokha? Tiyeni kuchipatala, bambo a Elufe."

"Kuchipatala akandifunsa chimene chachitika. Ndikakanena kuti galimoto, akafuna kalata ya kupolisi. Kupolisi akafunsa kuti galimoto ya ndani. Ndiye ndikatchule a Kachingwe? Munthu amene anatsitsa anthu pamsewu n'kukunyamula iwe tsiku lobadwa Elufe, osalandira ndi tambala yomwe? Tinagwirana chanza. Nkhani inatha."

"Inatha kwa iwowo. Kwa inu ikungoyamba kumene."

Kachingwe anakhala pansi mwakachetechete. Chakudya chinali patsogolo pake, koma sanasambe m'manja.

Zimene zinachitika zinali izi. Dzana lake m'mawa, kunja kukuwaza mvula, Kachingwe ankabweza galimoto cham'mbuyo kuti atuluke m'kanjira ka pakati pa nyumba. Galasi lakumbuyo linali litachita nthunzi. Anangomva kuti gu! Potsika anapeza njinga ili pansi, Mbeza akudzuka m'matope.

Anthu anasonkhana, monga mudziwa mmene timachitira. Wina anati aitane apolisi. Wina anati za inshuwalansi. Pepala la inshuwalansi linalipo ndithu, lomata pagalasi lakutsogolo, losatha masiku. Koma Kachingwe anaganiza za tsiku lathunthu lothera pabenchi la kupolisi, za chindapusa, za galimoto kugona kumeneko. Komanso wogundidwayo anali neba, wotunga naye madzi pampopi umodzi.

Choncho anachita zimene anthu okhala moyandikana amachita. Onse awiri ananjuta pafupi ndi njinga, kuzunguliza gudumu, kuona pamene lapindika. Kachingwe anainyamula yekha kupita nayo kwa wokonza njinga wa pansi pa mtengo kumsika. Anagula limu latsopano ndi masipoko omwe, osanyinyirika.

"Palibe kanthu, achimwene," anatero Mbeza. "Tsoka silinunkha."

Atatero anatambasula dzanja kuti agwirane chanza. Linali lamanzere. Lamanja linali m'thumba la jekete.

"Pepani kumanzere," anatero.

Kwathu kuno ngakhale mwana wamng'ono akalandira chinthu ndi dzanja lamanzere amadzudzulidwa. Mbeza anali munthu woleredwa bwino, woti sangapereke dzanja limenelo kwa wamkulu popanda chifukwa. Kachingwe anazidziwa zimenezi. Analiona dzanjalo, anaonanso thumba la jekete. Koma analandira msangamsanga n'kukwera galimoto, chifukwa kufunsa kukanatalikitsa nkhani.

Tsopano nkhani ija inamupeza kudzera pakhoma.

Poyamba anaganiza zopereka kangachepe mwakachetechete kwa mayi a Elufe, kuti akagule mankhwala opaka ndi mapiritsi. Zikanathera pomwepo, dzina lake osamveka kulikonse. Koma anadzifunsa: nanga ngati ndi fupa? Munthu wopalasa amagwira chiwongolero ndi manja awiri, kumbuyo atanyamula munthu wina, potsetsereka pa Bangwe. Fupa likapola lokhota, njinga yatha, ndipo nyumba ija ilibe munda wina. Thumba la Kachingwe silikanatha kudyetsa makomo awiri mwezi ndi mwezi.

Anasuzumira pazenera n'kuona pepala lija pagalasi la galimoto. Chaka ndi chaka ankaligula modandaula, akuliyesa chinthu choonetsa apolisi apamsewu kuti amulole kudutsa. Tsiku limenelo ndi pamene anakumbukira kuti analigulira munthu amene adzamugunde. Ndipo munthuyo anali kuseri kwa khoma, akubisa dzanja kuti amuteteze iye.

Anavundikira chakudya chija, n'kutuluka.

"Odi kuno!"

Kenaka mayi a Elufe anatsegula, maso ali pansi chifukwa cha manyazi. Mbeza anali pakampando, jekete lili pamapewa ngakhale kunali dzuwa.

"A neba, tandipatsani moni," anatero Kachingwe.

Mbeza anatambasula lamanzere.

"Ayi. Linalo."

Mbeza anayang'ana mkazi wake, mkazi wake anayang'ana kudenga. Pang'onopang'ono dzanja lija linatuluka. Linali lotupa kuyambira m'zala mpaka pamkono, khungu litachita kunyezimira.

"Nyamukani tizipita," anatero Kachingwe. "Tiyambira kupolisi, kenaka kuchipatala."

"Achimwene, ine sindingakakutchuleni kumeneko."

"Inu simukatchula munthu. Ndikadzitchula ndekha."

"Koma tinagwirizana."

"Tinagwirizana za njinga. Za dzanja sitinakambirane."

Anapita onse atatu. Kupolisi Kachingwe anaima kutsogolo n'kunena kuti, "Ndine ndinamugunda bamboyu, dzana lija m'mawa." Wapolisi anamukalipira chifukwa chochedwa kudzanena, anamulipiritsa, ndipo galimoto inagona komweko kuti aiyeze. Zonse zimene ankaziopa zinamupeza, palibe chimene chinamuphonya. Kuchipatala anapita pa minibasi, iye wokhala ndi galimoto yake, atapanikizana ndi anthu, akutchinjiriza dzanja la Mbeza kuti wina asaligunde.

Atajambula anapeza kuti fupa la pafupi ndi chikhatho linathetheka. Adokotala anati akanadikira sabata ina, likanayamba kugwirana lokhota. Anamumanga chikhakha. Mawa lake Kachingwe anatenga kalata ya kupolisi ndi ya kuchipatala kupita nazo ku inshuwalansi. Kumeneko anamuuza kuti adikire, ndipo kudikira kwake sikunali kwa tsiku limodzi. Koma nkhani inali italowa pakhomo loyenera, ndipo dzanja linali litawongoledwa.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, Kachingwe anafika kunyumba wotopa, m'thumba mopepuka. Anavula nsapato. Kuseri kwa khoma anamva mphasa ikuyalidwa, ndi mbale ikuikidwa pansi.

"Mbatatayi ndikusendereni?" anafunsa mayi a Elufe.

"Ndili ndi dzanja ine."

"Liti? Lija munkabisa m'thumba ngati mwaba nkhuku?"

"Iwe make Elufe, pakamwa pakopo padzatithamangitsa pano."

"Pakamwa pomwepa ndi pamene pakupulumutsani. Khalani pansi, tiyi akuzizira."

Mbeza anaseka, kuseka koyamba m'masiku anayi. Anakhala pansi awiriwo n'kuyamba kudya. Nayenso Kachingwe anasamba m'manja.

Tsono inu amene mukumva, musati ndanena kuti kukambirana panokha n'kulakwa. Ngati yasweka ndi nyali, kapena penti yakalika, gwirizanani pomwepo, aliyense azipita kwawo. Koma musanayang'ane chitsulo, yang'anani munthu. Amene amafulumira kunena kuti palibe kanthu kawirikawiri ndi amene amakuopani, kapena amene munamuchitirapo zabwino, ndipo woteroyo ululu wake sadzakuuzani ndi pakamwa. Mnzanu akakupatsani dzanja lamanzere pogwirizana, musalilandire msanga. Yambani mwafunsa kumene kuli lamanja.