Mphira wa pa Batani la a Ndikadalipo

Kuseri kwa nyumba ya makaniko wina wopuma pa ntchito kunali kachipinda kamene ngakhale akazi awo sankaloledwa kusesamo. M'menemo munali wailesi yolankhulirana ndi anthu akutali, mawaya ali yangayanga, ndi mpando umodzi wobooka pakati chifukwa chokhalidwa. Panja panali mlongoti wautali kuposa madenga onse a mumsewumo, ndipo bambowo ankaunyadira ngati mwana wachisamba.

Anzawo a m'gulu la okonda wailesi anawapatsa dzina lakuti a Ndikadalipo. Mwambo wa pa wailesi ndi wakuti ukamaliza kulankhula umati "ndatha," n'kusiya batani kuti mnzako ayankhe, pakuti batani likadinidwa wailesi yako siimva kanthu. Koma kwa bambowa mawu akuti "ndatha" ankakakamira pakhosi. Akapuma pang'ono kuti ameze malovu, ankafulumira kukuwa kuti, "Ndikadalipo, ndikadalipo!"

Gululo linapatula tchanelo chimodzi kuti chikhale cha ngozi zokhazokha, ndipo woyang'anira anali namwino wina wosakonda zachibwana. A Ndikadalipo ataona kuti tchanelocho n'chabata ndipo aliyense amachitchera khutu, anangoti laponda lamphawi. Anasamukira komweko ndi nkhani zawo zonse.

"Bambo, matchanelo ochezera alipo ambirimbiri," anawadandaulira namwinoyo. "Ichi chisiyeni chikhale chete."

"Chete wa chiyani, mayi? Miyezi itatu palibe wamira, palibe wapsa. Msewu wabwino chonchi uzingokhala wopanda galimoto? Ndiponso ine laisensi ndinatenga inu mukuyamwa."

Pamenepo nkhani inatha, poti munthu wa laisensi yakale salakwa. Vuto limene linatsala linali la chala chachikulu, chimene chinkatopa ndi kudina batani. Koma nzeru za umakaniko sizipuma pa ntchito ayi. Bambowo anadula mphira wa chubu, n'kumanga batanilo kuti lizikhala lodinidwa lokha, manja onse awiri n'kumasuka ogwirira kapu ya tiyi. Akatswiri enieni ndi amenewa!

Kenaka kunagwa mvula ya masiku atatu. Magetsi anazima, mafoni anafa, mtsinje unakwirira mlatho. M'mawa wa tsiku lachitatu a Ndikadalipo analumikiza wailesi ku batire la lole, n'kumanga mphira wawo uja. Dziko linali pa mavuto, choncho linafunika kumva za mawondo awo amene amawawa kukazizira. Atatha za mawondo analowa za tomato wawo, kenaka za injini ina imene anaikonza kalekale mabwana onse atalephera.

Kutsidya kwa mtsinjewo kunkakhala mwana wawo wamkazi, chitsirizira, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. M'mawa womwewo anayamba kutaya magazi. Mwamuna wake, kalipentala, anatulutsa kawailesi kam'manja kamene apongozi ake omwewo anamupatsa pa ukwati, ndi malangizo akuti, "Mukadzaona vuto, tchanelo cha ngozi." Anadina, nakuwa, nadinanso. Koma kawailesi kam'manja kangapikisane bwanji ndi mlongoti uja? Kunali ngati kulira kwa mwanapiye pafupi ndi chigayo.

Namwino ali kunyumba kwake, boti la opulumutsa anthu likudikira mawu ake, ankamva pa wailesi yake kamawu kena pansi pa nkhani ya tomato. Anatolapo mawu amodzi okha akuti "magazi." Ndani, ali kuti, osadziwika. Anaitana a Ndikadalipo kambirimbiri, koma munthu womanga batani ndi mphira angamve ndani? Mayiyo anatenga lumo, n'kuuyamba wapansi m'matope kupita kwa a Ndikadalipo, madzi akulekeza m'mawondo.

Anakankha chitseko cha kachipinda kopatulika kaja osaodira.

"Mayi inu, muno salowa wamba! Ndili pa mphepo ine!"

Namwino anangoti mphira uja dulu! Batani linadumpha, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mawa wonsewo wailesi ya a Ndikadalipo inamva. Munatuluka mawu osasa, a munthu amene wakuwa mpaka kutha mphamvu.

"Apongozi, chonde, siyani batani. Ndi mwana wanu. Akutaya magazi. Apongozi, chonde."

Kapu ya tiyi inagwa pansi. Namwino analanda maikolofoni, nafunsa pamene madzi afika, natumiza boti. Linafika ndithu, koma mochedwa ndi maola awiri. Kuchipatala madokotala anapulumutsa mayi woyembekezera uja. Khanda, kamnyamata, silinalire n'komwe.

Patapita masiku awiri a Ndikadalipo anakaima pambali pa bedi la mwana wawo, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga," anatero bambowo, "ine sindinadziwe."

Mwanayo anatembenuza mutu pang'onopang'ono, nawayang'ana ndi maso ouma.

"Ife tinkakumvani bwinobwino, bambo. Maola awiri athunthu, mawu aliwonse. Kaya mawondo aja ali bwanji?"

Sabata yomweyo mlongoti unatsitsidwa, ndipo akazi awo anasesa m'kachipinda muja popanda wowaletsa. Tchanelo cha ngozi chinakhalanso chete monga momwe namwino ankafunira. Akuluakulu sananame: wosamva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu.