Namakumba Akana Kuyasama

Kalekale, mlamu, nsomba zisanadziwe mbedza, kunagwa chilimwe choopsa. Mtsinje unaphwa, n'kutsala thamanda limodzi. Nsomba zonse zinaunjikana m'menemo, zokondana ndi zodana zomwe.

M'thamandamo munali Namakumba, nsomba ya mtundu wa makumba. Mwamuna wake anakumba kadzenje konga kambale pamchenga wa pansi, monga amachitira amuna a mtundu umenewo. Namakumba anaikira mazira m'kambalemo. Ataikira, anawatola ndi pakamwa. Sanameze ayi. Anangotseka pakamwa, n'kukhala duu.

Ndiko kulera kwa makumba kumeneko. Ena amabereka kumsana, iye amabereka m'kamwa. Kudya osadya. Kuyankhula osayankhula. Mpaka ana ataswa n'kukhwima.

Munalinso a Mlamba, a ndevu zazitali ndi mimba yosakhuta. Iwo anaona khosi la Namakumba litatupa, ndipo anadziwa katundu amene anali m'menemo. Wakuba saphonya thumba lodzaza.

Anabwera mwaulemu.

"Mlongo wanga, mwaondatu. Lavulirani kuno ndikugwirireni, inu mukadye."

Namakumba anapukusa mutu.

"Chabwino, theka lokha. Theka linalo musunge nokha."

Anapukusa mutu.

"Nanga awiri okha, ndingoona ngati afanana ndi bambo awo?"

Malonda otere ine ndimawadziwa. Munthu akamatsitsa yekha iwe usanatsegule pakamwa, gwiritsa thumba lako. Namakumba anatembenuka n'kuwaonetsa mchira.

Posakhalitsa kunagwa maliro. A Nkhasi, kamba wa m'madzi uja, anamwalira ndi ukalamba.

Mwambo wa pamaliro mukuudziwa. Wafika, upepese. Anzako akulira, ulire. Chakudya chabwera, udye.

Matemba analira. Nkhanu inalira. Chule analira mpaka mawu kusasa, chonsecho anali asanalonjeranepo ndi malemuwo chibadwire. A Mlamba analira kuposa anamfedwa, diso limodzi lili pakhosi la Namakumba.

Namakumba anabwera, anakhala pambali, anawerama. Kulira osalira. Kudya osadya.

A Mlamba anapukuta ndevu.

"Abale, taonani uyo. Tonse tikulira, iye duu. Tonse tikudya, iye duu. Wosadya pamaliro ndiye kuti wakhuta kale. Wakhuta chiyani?"

"Wakhuta chiyani? Wakhuta chiyani?" anatero matemba.

Matemba ndi choncho. Wakutsogolo akakhota, onse akhota, osafunsa kuti tikupita kuti. Dzuwa lisanapendeke, thamanda lonse linali litagwirizana kuti Namakumba ndi mfiti, ndipo chotupitsa khosicho ndi nyama ya a Nkhasi.

Woweruza milandu m'thamandamo anali mayi Ng'ona. Masiku amenewo ankakhala kumchenga, kumene anakwirira mazira awo. Nsomba zinatuma Chule kukawaitana. Chule anabwerako n'kunena kuti wawapeza akufukula mchenga, wawalonjera, koma sanamuyankhe.

A Mlamba anati palibe chodikira, mlandu ndi woonekeratu. Namakumba ayasame, onse aone. Akakana, amukankhire kumtunda, kumene Kakowa, mbalame yodya nsomba ija, anali ataima ndi mwendo umodzi.

Atanena zimenezo, a Mlamba anakakhala kunsi kwa chibwano cha Namakumba, kukamwa kuli yasa. Akuti ankafuna kuonetsetsa umboni.

Matemba anayamba nyimbo.

Yasama, Namakumba, yasama,
Tione chili m'kamwa.

Namakumba duu.

Nkhanu, mnzake wa kalekale, inamunong'oneza kuti angoyasama pang'ono, moyo ndi umodzi. Namakumba anamva ana akugundagunda m'kamwa mwake. Anayang'ana pansi, anaona ndevu. Anatseka kwambiri.

Anamukankha. Madzi anachepa, mimba inakhudza matope.

Yasama, Namakumba, yasama,
Tione chili m'kamwa.

Namakumba duu.

Anamukankhanso. Msana unatuluka m'madzi, dzuwa n'kumauwotcha. Kakowa anatsitsa mwendo wachiwiri.

A Mlamba anayandikira kukhutu.

"Mlongo wanga, awiri okha aja. Mlandu utha pompano."

Namakumba anawamenya ndi mchira pandevu, phwa!

Kakowa anaponda m'madzi. Anapondanso. Kenaka anaima, anakweza khosi, n'kuuluka osatsanzika. Mayi Ng'ona anali akutsetsereka pamchenga, pang'onopang'ono, mutu atauimika ngati munthu wosenza mtsuko.

A Mlamba anathamangira kufotokoza. Anafotokoza za maliro. Anafotokoza za chakudya chokanidwa. Anafotokoza za khosi lotupa.

"Mayi, weruzani."

Mayi Ng'ona duu.

"Mayi, tikudikira."

Mayi Ng'ona duu.

Matemba anayang'anana. Awanso? Koma nyimbo ija panalibe woiyambitsa.

Atafika m'madzi osaya, mayi Ng'ona anayasama. Pakati pa mano aja, mano othyola mwendo wa njati, panatuluka tiana ta ng'ona, tikulira ngati anapiye. Panalibe ndi kamodzi komwe kokandika. Ng'onanso imanyamula ana ake m'kamwa powachotsa kumchenga, mlamu, kungoti ndi ochepa amene amayandikira kuti aone.

Tiana titasambira, mayi Ng'ona anayankhula.

"Inenso a Nkhasi sindinawalire. Chakudya chanu sindinadye. Chule wandilonjera, sindinamuyankhe. A Mlamba, dzina lija mwamutcha uyu, tanditchani inenso."

A Mlamba anati iwo amangofunsa, kufunsa si mlandu.

Mayi Ng'ona anamubweza Namakumba m'madzi, n'kumuika pakati pa miyendo yawo yakutsogolo.

"Mwanawe, ukafuna yasama. Ukapanda kufuna, khala."

Namakumba anakhala. Anakhalabe. Anakhala mpaka aliyense anazindikira kuti sakuyasamira nyimbo ya munthu. Kenaka anayasama yekha.

Tiana tinatuluka ngati utsi, tambirimbiri, maso okhaokha.

A Mlamba mtima unawakanika. Pamaso pa woweruza pomwe, anadumpha. Koma tiana ta makumba tikaona mthunzi timadziwa kwawo. Tonse tinathamangira m'kamwa mwa amayi awo, chitseko n'kutsekeka. A Mlamba anangoluma matope.

Mlandu unadziweruza wokha. Mayi Ng'ona anangosuntha mchira, a Mlamba osadikira chigamulo. Anatuluka m'madzi n'kumakwawa paudzu ndi zipsepse, akupuma mpweya ngati mbuzi. Mpaka lero mlamba ukaona kuti pathamanda paipa, umakwawa pamtunda kukafuna lina.

Matemba aja anakhota. Nyimbo yomwe ija anaisintha mawu, n'kukhala yotamanda. Anabwera ndi ndere zonona kudzapepesa, aliyense akunena kuti iye sanaimbe nawo, ankangoyendetsa milomo.

Nkhanu inafunsa kuti, "Koma mnzanga, bwanji sunangonena?"

Namakumba anatulutsa ana, n'kuyankhula koyamba.

"Ndikananena ndi pakamwa pati? Inu munkafuna misozi. A Mlamba anakupatsani yodzaza mtsuko, munakhuta? Ine a Nkhasi ndinawalirira mumtima. Mukanandiponya kwa Kakowa, ndikanapita chitsekere. Chaka chamawa ndidzaikiranso. Mukadzafuna, mudzaimbenso."

Ndere zawo zija sanadye. Anakadzibudulira zake, ana akumutsatira pambuyo.

Ndiye mlamu, mukadzaona munthu ali duu pabwalo, gulu likumuimbira kuti ayasame, musathamangire kuwomba m'manja. Mwina zimene wasunga m'kamwamo si zake yekha. Yambani mwawerama, muone amene wakhala kunsi kwa chibwano chake. Kawirikawiri amakhala yemwe uja analira kwambiri pamaliro.

Nthano yanga yathera pomwepo, ndipo ya basela palibe.